Cinkhupule camoyo m'thanki ya abwana

Mau akuti cinkhupule tonse tiwadziwa. Amene tinakulira kum'mawa, ca ku Katete, Sinda kapena Vubwi, tikumbukira comera cija coyanga pa mpanda wa bafa ya udzu, cobala zipatso zonga nkhaka zazitali. Cikauma umacimenya pa mwala, makoko n'kugwa, nthanga zakuda n'kutayika, kutsala ulusi wokhulira msana. Ana a mu Lusaka adziwa cina, ca pulasitiki, uku cacikasu uku cobiriwira, cimene anyamata atiloŵetsera pa windo ya basi pa Kulima Tower pamodzi ndi maswiti ndi mabatire. Koma pali cinkhupule cacitatu. Ico sicimera pa mpanda, ndipo sicicokera ku fakitale. Ndi nyama. Cimadya, cimapuma, cimabala, cimafa. Kwao ndi pansi pa nyanja, koma masiku ano cipezeka ngakhale muno mu tauni, m'nyumba zina za kumayadi, ndipo cinatsala pang'ono kucotsetsa nchito mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayu anacokera kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, kuja kumene Kalonga Gawa Undi alandirira mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti. Atatsiriza Giredi 12 anakwera basi, naoloka mlatho wa Luangwa, natsikira pa Intercity ndi cikwama cimodzi, monga tinacitira ambiri a ife. Nchito imene anapeza ndi ya m'yadi: kuthirira kapinga, kutsuka motoka, kutsegula geti. Cimene sanauzidwe pa tsiku loyamba n'cakuti m'cipinda cocezera ca abwana muli bokosi la galasi lotalika kuposa mpando wakumbuyo wa minibasi, lodzaza madzi a mcere, nsomba zamaangamaanga ndi miyala yomera zinthu zooneka ngati maluwa. M'kupita kwa miyezi, bokosi limenelo linakhalanso nchito yake.

Kusunga nyanja m'nyumba, m'dziko lopanda nyanja ya mcere, ndi nchito yosatha. Kucokera ku Katete, kuti munthu aone madzi otere ayenera kutulukira pa Chanida, kupyola Tete, mpaka ku Beira. Conco madzi a m'thanki amacita kupanga. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mcere wokwana magalamu pafupifupi 35, kutanthauza kuti cigubu cathu cija ca malita 20 cifuna magalamu 700. Mcere wake si wa m'ndiwo ai. Ndi wocita kuitanitsa kunja m'matumba, wosakaniza ndi zina zimene zamoyo za m'nyanja zimangira matupi ao. Madzi a pa mpope kapena a pa cibowo amayamba adutsa m'makina osefa, cifukwa madzi a pansi pa Lusaka acokera m'miyala ya laimu ndipo anyamula zambiri zosafunika. Kutentha kuyenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 26, usana ndi usiku. Mu Juni ndi Julai, ife tikunjenjemera pa siteshoni m'mamawa, m'thanki muyaka cotenthetsa madzi. Mu Okutoba afunika kuwaziziritsa. Mapampu sayenera kuima.

Zooneka ngati maluwa zija dzina lake ndi makorali. Nazonso ndi nyama, tizilombo ting'onoting'ono tokhala pamodzi, tambiri timamanga nyumba zolimba ngati mwala. M'kati mwa matupi ao mukhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zipanga cakudya ndi kuwala, monga masamba a cimanga acitira ndi dzuwa. N'cifukwa cake pamwamba pa thanki pamayaka malaiti amphamvu obiriwira ngati thambo. Makorali ndiwo cuma ca abwana. Ndiwo amene alendo amajambula ndi mafoni.

Tsiku lina m'caka ca 2024, abwana atapita kunja kwa dziko pa nchito, foni yanga inalira cakumadzulo, ndili m'basi ya ku Chelstone.

“Amalume, ndili pa mavuto. M'thanki mwamera zinthu.”

“Zinthu zanji, iwe?”

“Zina zoyera, ting'onoting'ono ngati mpunga, tili ndi tsitsi kumutu. Zina zacikasu, zayala pansi pa mwala ngati phala. Amadamu akuti ndi dothi. Akuti nditulutse miyala yonse, ndikwece ndi burashi, ndiyanike pa dzuwa abwana asanabwere.”

Amadamu ananena mwa cinyanja ca mu tauni: “Ucose vonse ivi, ni doti. Ngati maluwa yafa, nizakujubila pa malipiro.” Mau otere sakhala opepuka kwa munthu amene malipiro ake ali pafupi ndi K1,300, ndalama yocepetsetsa imene boma linaika kuti anchito a m'nyumba azilandira kuyambira mu Januwale 2024, pamene theka lake amatumiza kumudzi kwa amake.

Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu, anditumizire zithunzi pa WhatsApp. M'mawa mwake ndinapita nazo kwa munthu wina amene agulitsa nsomba za m'matanki. Anangoyang'ana kamodzi n'kuseka. “Izi ni siponji, bamdala. Thanki ili bwino. Muuzeni mwana asiye.” Akulu anati safunsa anadya phula. Mnyamata anafunsa, ndipo burashi inabwerera ku bafa.

Kucokera pamenepo ndinafuna kudziwa bwino za cinthu cimeneci. Cinkhupule ca m'nyanja cilibe mutu, cilibe mtima, cilibe mimba, cilibe maso. Thupi lake lonse ndi timabowo ndi tinjira ta madzi. M'kati mwa tinjirato muli timaselo tokhala ndi kamcira, timene tikupiza kosalekeza. Kukupizako kukoka madzi kuloŵera pa timabowo tating'ono ta pa khungu ndi kuwatulutsira pa bowo lalikulu. Madzi akamadutsa, cinkhupule cigwira tizilombo tosaoneka ndi tinyenyeswa tina, ndico cakudya cake, ndipo citengamo mpweya. Pa tsiku limodzi cimatha kupopa madzi oculuka kuwirikiza masauzande kukula kwa thupi lake. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira anali kutsutsana ngati ndi comera kapena nyama, pakuti siciyenda. M'zaka za m'ma 1820, Robert Grant wa ku Edinburgh anaika zinkhupule zamoyo m'mbale ya madzi a m'nyanja, nayang'anitsitsa madzi akutumphuka pa mabowo ake, nalemba mmene ziwapopera. Lero mitundu yodziwika ipitirira 8,000.

Nanga cinaloŵa bwanji m'nyumba ya ku Lusaka popanda wocigula? Cinakwera ulere. Miyala ya m'matanki otere imabwera ili yonyowa, yocokera kunyanja kapena m'thanki ya munthu wina, ndipo m'ming'alu yake mubisala zamoyo zambiri. Makorali nawo amabwera atamatidwa pa timiyala. Kacidutswa ka cinkhupule kangakhale cete miyezi, kenaka madzi akakhazikika n'kuyamba kukula. Toyera tija tonga mpunga osunga matanki amatichula dzina la cinanazi cifukwa ca maonekedwe ake. Timakonda m'ngodya za mdima ndi m'bokosi la pansi m'mene mukhala mapampu, ndipo sitilimbana ndi aliyense. Cacikasu cija cinasankha kunsi kwa mwala cifukwa zinkhupule zambiri sizifuna kuwala. Pamwamba powala zimameredwa ndere n'kutsekeka mabowo. Korali afuna dzuwa, cinkhupule cifuna mthunzi. M'nyumba imodzi aliyense ali ndi cipinda cake.

Cimene amadamu analamula cikanabweretsa tsoka lenilenilo limene anali kuopa. Osunga matanki amacenjezana kuti cinkhupule sacitulutsa m'madzi, cifukwa mpweya ukaloŵa m'tinjira tija umatsekereza, timaselo tokupiza tilephera kuukankha, ndipo mbali imeneyo imafa. Cinkhupule cakufa cimaola, ndipo m'madzi ocepa a m'bokosi la galasi cowola ciononga madzi mwamsanga. Kuyanika miyala pa dzuwa kukanaphanso tizilombo tabwino timene tikhala m'miyalamo, timene tisandutsa zonyansa za nsomba kukhala zosapha. Miyala ikanabwerera yoyera bwino, amadamu akanakondwera, ndipo patapita masiku ocepa nsomba zikanayamba kuyandama camimba m'mwamba. Wolakwa akanakhala ndani? Mwadziwa kale.

Ngakhale kukweca m'madzi momwemo sikuthandiza. M'caka ca 1907, Henry Wilson wa ku North Carolina ku America anafinya cinkhupule camoyo pa nsalu ya silika, monga amai afinyira nsinjiro, mpaka cinasanduka madzi amatope. Timaselo tija tinayamba kukwawa pansi pa mbale, kufunana, kugwirana, mpaka tinapanganso tizinkhupule tatsopano. Conco ukacikweca ndi burashi, wangocifesa thanki yonse.

Sindikunena kuti cinkhupule ciliconse ndi mnansi wabwino. Ilipo mitundu imene imayala msanga n'kukwera pa korali, kumuphimba kuti asaone kuwala. Ina imaboola mwala wa korali m'kati ngati anankafumbwe m'cimanga. Wogulitsa nsomba uja anapereka lamulo lapafupi, ndipo ndilipereka kwa inu amene mwina mukupita kukagwira nchito yotere m'mawa uno. Jambulani malo amodzimodzi sabata iliyonse. Ngati cinkhupule cili kunsi kwa mwala, m'mdima, cisiyeni. Ngati cafika pokhudza korali ndipo korali wayamba kuyera m'mbali, dulani mbali yokhayo ndi kalumo, m'madzi momwemo, uku mukukoka zidutswa ndi kapaipi kuti zisamwazike. Valani magolovesi, cifukwa zambiri zili ndi timinga tosaoneka tonga galasi, ndipo zina zimayabwa. Cikasanduka cotuwa ndi kununkha, cafa, cicotseni msanga. Ndipo musacite ciliconse ca izi mwini thanki asanavomere, makamaka pa uthenga wolembedwa umene mungasunge m'foni.

Kunyanja kwenikweni, nchito ya cinkhupule ndi yaikulu kuposa mbiri yake. Makorali amakhala m'madzi oyera mbee, osauka cakudya, koma pamalo pao pamadzaza nsomba ngati pa Soweto Market pa Ciŵelu. Akatswiri anadabwa nazo zaka zambiri. M'caka ca 2013, Jasper de Goeij wa ku Netherlands ndi anzake anaonetsa mbali ina ya yankho. Makorali ndi ndere amataya m'madzi zinthu zosungunuka zimene nyama zambiri sizingadye. Zinkhupule zobisala m'mapanga zimamwa zimenezo, n'kumataya timaselo take takale, ndipo nkhono, nkhanu ndi tizilombo tina timadya timaseloto, kenaka nsomba n'kudya tizilomboto. Cimene cikanatayika cibwerera m'mbale. Amene ajambulidwa ndi korali, koma wogwira nchito ya usiku ali kunsi kwa mwala.

Popeza sicingathawe mdani, cinkhupule cimadziteteza ndi mankhwala a m'thupi mwake, ndipo ena a iwo afika m'zipatala. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, Werner Bergmann wa pa yunivesite ya Yale anapeza zinthu zacilendo m'cinkhupule ca ku nyanja ya Caribbean. Zimenezo zinatsegula njira yopangira cytarabine, mankhwala a khansa ya m'magazi amene anavomerezedwa ku America mu 1969 ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la WHO. Mankhwala ena a khansa ya m'mawere, eribulin, anavomerezedwa mu 2010, ndipo ciyambi cake ndi cinkhupule ca ku gombe la Japan. Cinthu cimene kumayadi cinachedwa dothi, abale ake atalikitsa moyo wa odwala.

Musaganize kuti zonsezi ndi za kutali cabe. Ilipo mitundu yoposa 200 ya zinkhupule za m'madzi opanda mcere. M'nyanja ya Tanganyika, imene ife tifikira pa Mpulungu, zimamera pa miyala ndi pa zigoba za nkhono. M'nyanja ya Malawi muli mtundu umene akatswiri anaupatsa dzina la nyanjayo, Malawispongia. Nyanja ziŵirizi ndizonso kwao kwa nsomba zimene anthu a ku Ulaya, America ndi Japan amasunga m'magalasi ao, monga mbuna za ku Malawi. Amene afuna thanki koma thumba lake ndi la ife okwera minibasi, ayambire kumeneko. Mbuna sizifuna mcere wa kunja kapena malaiti odula, ndipo ndi za kwathu konkuno.

Kwina cinkhupule ca m'nyanja ndi munda. Ku Jambiani, pa cisumbu ca Zanzibar, amai ena amene kale anali kulima ndere za m'nyanja, zimene zinayamba kufa madzi atatentha, tsopano amalima zinkhupule mothandizidwa ndi bungwe la Marine Cultures. Amadula tizidutswa, kutimangirira pa zingwe m'madzi, kumatiyeretsa kuti ndere zisatiphimbe, ndipo pakatha pafupifupi caka amakolola ndi kugulitsa kwa alendo kuti azisambira. Cosambiraco ndi mafupa ofewa a nyama ija, nyama yake itacotsedwa. Amai a kwathu ku Katete amene amayanika zinkhupule za pa mpanda angamvane nao bwino amai a ku Jambiani.

Mayeso enieni a mnyamata uja anabwera pambuyo pake, ndipo sanacokere kwa cinkhupule. Mukumbukira caka cimeneco. Mvula inakana, pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika mu Seputembala madera ambiri anali kukhala maola mpaka 21 pa tsiku opanda malaiti. Ife ku komboni tinali kudandaula za mafiriji, za ogaya cimanga ndi ometa tsitsi amene anali kugwira nchito pakati pa usiku. Kumayadi kunali mabatire ndi majenereta, koma nao anali kutopa.

Usiku wina mabatire a m'nyumba ija anatha ca m'ma 01:00, abwana ali paulendo wina, jenereta ilibe mafuta. Mapampu anaima. Madzi akaima, mpweya wa m'madzi umatha, pakuti usiku nsomba, makorali, zinkhupule ndi tizilombo ta m'miyala zonse zimangopuma, palibe cobwezera. Mnyamata anali atamva kale kwa wogulitsa nsomba cocita. Anatenga jagi ya pulasitiki, n'kumatunga madzi a m'thanki ndi kuwathira kucokera m'mwamba kuti acite thovu. Anafunditsa galasi ndi bulangeti kuti madzi asazizire. Anacita zimenezo mobwerezabwereza, akupumula pang'ono, mpaka kunaca ndipo dzuwa linayamba kudzaza mabatire. Nsomba zonse zinapulumuka. Makorali aŵiri anayera n'kufa patapita masiku. Cinkhupule cacikasu cinacepa, koma cinatsala, ndipo mvula isanagwe cinali citayambanso kuyala.

Abwana atabwera, nkhani ya kudula malipiro inabukanso cifukwa ca makorali aŵiri aja. Apa m'pamene zithunzi za sabata ndi sabata ndi mauthenga osungidwa m'foni zinagwira nchito. Zinaonetsa tsiku, ola ndi cimene cinacitika. Abwana, kunena zoona, anamvetsa, ndipo sanadule ngwee. Koma si onse amene amamvetsa, conco ndi bwino kudziwa kuti lamulo la nchito la 2019, Employment Code Act, limachula ndalama zimene wolemba nchito aloledwa kudula pa malipiro. Pa katundu woonongeka, liti wanchito akhale ataononga mwadala, ndipo avomere yekha polemba. Cilala ca ku Kariba si dala la mnyamata wa ku Katete. Amene akanidwa cilungamo apite ku ofesi ya Labour.

M'basi zathu za m'mamawa, zopita ku Kabulonga, Ibex Hill, Roma ndi Woodlands, mwadzaza anthu amene apatsidwa zinthu zodula kuti azisamale popanda wowaphunzitsa: makina ocapira a mabatani ambiri, madamu osambiramo, agalu a mankhwala ao, mainvata, manje ndi nyanja za m'galasi. Lamulo limene amapatsidwa ndi limodzi, lakuti pakhale poyera. Koma si conse comera pa mwala cimene cili dothi. Kwa inu abwana ndi amadamu amene muŵerenga danga lino m'motoka zanu, ola limodzi lofotokozera wanchito mmene cinthu cigwirira nchito ndi lochipa kuposa korali mmodzi. Lembani pa pepala zocita malaiti akapita, mumate pa cipupa, muikepo nambala ya munthu wodziwa. Kwa inu anzanga a pa mpando wa anthu anai, mukapeza cacilendo pa nchito, jambulani, funsani, dikirani yankho.

Mnyamata uja manje adziwa kupima mcere ndi kusintha madzi, ndipo anzao a abwana ayamba kumubwereka pa Sondo kuti akaone matanki ao, namupatsa kangacepe. Ati akasonkhanitsa ndalama afuna kuyamba ndi mbuna. Amake kumudzi samvetsabe kuti munthu angalipidwe cifukwa cosunga nsomba zosadya, ndipo pa Kulamba yapitayi anamutumizira nshawa, nyemba ndi zinkhupule zitatu za pa mpanda, ati akapatseko abwana ake, aleke kuvutika ndi za m'madzi.